Nyumba ya Malata Imene Ndinagula kwa Wyson

Mwati mukufuna nyumba yogula kuno ku Chintheche, a kapitawo? Khalani pansi kaye. Sendezani benchilo kumthunzi, ndikuuzeni za nyumba imene ndinagula ine Jobe Longwe, ndipo mukamva mukagona mu tenti yanu ya anthu a msewu mukuthokoza Mulungu. Chinyanja changachi musachiseke, ndinachitola ku migodi, ife kuno timayankhula Chitonga.

Ine ndinakhalitsa ku Joni. Sindinali mtchona ayi, anthu asakunamizeni. Mtchona ndi amene amaiwala kwawo, ine ndinkatumiza moni Khirisimasi iliyonse. Ndinabwera chaka chimene sitima yatsopano inayamba kuyenda panyanjapa, ndili ndi suti yabulawuni, chipewa, galamafoni ya lipenga, ndi bokosi lachitsulo loti amuna awiri akalinyamula ankayamba kutukwanana. Kufika kumudzi, nyumba yanga palibe. Chiswe chinadya mitengo, mvula inamaliza zotsala, pamalopo mayi anga anabzalapo chinangwa, ndipo chinangwacho chinali chitakula bwino kwabasi. Mkazi wanga Nellie, amene kuno amamutchula NyaChirwa, anali atabwerera kalekale kwa bambo ake ku Kande.

Ndinapita ku Kandeko nditavala suti, dzuwa likuwotcha. Nellie anandilandira bwino, anagwada, anandipatsa madzi, anafunsa za ulendo. Kenako anandiuza, mosakweza mawu n'komwe, kuti amuna a anzake onse anabwerako ku Joni n'kumanga nyumba za njerwa zofolera malata, ndipo iye sanadikire zaka zonsezi kuti akagone m'khitchini mwa apongozi. Anati mvula yoyamba ikagwa ine ndilibe nyumba ya malata, ndisavutike kubweranso ku Kande. Adzaitana ankhoswe, bambo ake adzabweza zimene ndinapereka pomukwatira, aliyense aone njira yake. Ndinamuuza za galamafoni. Anati galamafoni siitchinga mvula.

Inu, tamverani. Apo n'kuti mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri uko madzulo aliwonse. Kuumba njerwa, kuziumitsa, kuziwotcha, kuitanitsa malata pa sitima, kupeza mmisiri wosaledzera, zonsezo mvula isanagwe? Ngakhale Mzungu sakanatha. Ndipo ine mkaziyo ndinkamufuna, ndisakubisireni. Munthu ukakhalitsa m'komboni ya amuna okhaokha, ukudya nyemba zophika mwamuna mnzako, umadziwa chimene ukusowa.

Ndiye ndinakumana ndi Wyson Manda. Ameneyu tinaphunzira limodzi ku sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, pamene tonse awiri anatiuza kuti mitu yathu yakwanira. Wyson anali ndi nyumba kumtunda kwa gombe, pafupi ndi pamene amayanika makhoka: njerwa zowotcha, zipinda zitatu, khonde loyang'ana kunyanja, mazenera a magalasi, chitseko cha mlombwa, mitengo ya mango pabwalo, malata owala moti asodzi ankayang'ana denga lake pobwerera kumtunda. Anali atapeza ntchito ya m'hotela ku Halale ndipo anati kuno sadzabwereranso, watopa ndi kondowole. Ndinamufunsa ngati angandigulitse nyumbayo. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kuvomera msangamsanga. Munthu woona mtima savomera msanga chotero, koma ndani anandiuza?

Chabwino, malume anga a Henderson Mhone, mkulu wa mpingo, ananenapo kanthu. Anati kuno kwathu nyumba sitigula ngati malaya a m'sitolo. Anati ndifulule chindongwa, thobwa lathu la kuno, ndiphe mbuzi, ndiitane onse a kwa Manda, alongo, azakhali, amalume, akhale pansi pamaso pa mfumu ya mudzi, aliyense anene zakukhosi kwake, ndipo onse akati yewu, ndiko kuvomera kwathu kuno, pamenepo ndiye ndagula. Koma malume anga amanena zinthu zambiri, ndipo theka la zimene amanena ndi za Yeremiya. A kwa Manda, a kapitawo, ndi ochuluka ngati nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka m'nyanja. Mbuzi imodzi siingawakwanire, ndipo akayamba kuyankhula mvula imagwa n'kusiya asanamalize moni. Komanso ine ndinaona ndi maso angawa mmene Azungu amagulitsirana nyumba ku Joni. Amuna awiri, pepala, cholembera, kugwirana chanza, basi. Sindinaonepo Mzungu akuitana azakhali ake.

Wyson anati ndayankhula ngati loya. Anati abale ake tisawavutitse, ali otanganidwa ndi chinangwa.

Tinapita kwa kalaliki wa khoti la mfumu, bambo wina wa ku Ntcheu wovala magalasi omangirira ndi ulusi. Anatimvetsera akusongola pensulo. Anatiuza kuti dothi iye sangalilembe, dothi siligulitsidwa, ndi la mudzi ndi banja limene linapatsidwa malowo. Chimene angalembe n'chakuti Wyson Manda wagulitsa kwa Jobe Longwe zonse zimene zili zake pamalopo. Ndinati alembe zomwezo, ine dothi sindidya. Anafunsa ngati abale a wogulitsa akudziwa. Wyson anayamba kutsokomola, ndiye ndinamuyankhira ine kuti ife ndi anthu oyenda, timachita zinthu mwalamulo, osati mwachimudzi. Anafunsanso kachiwiri, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kulemba.

Anafuna mboni ziwiri. Ndinatuluka panja n'kugwira mesenjala wa khoti amene ankawodzera pakhonde, ndi bambo wina amene anabwera kudzadula laisensi ya njinga. Kalaliki anamata sitampa ya mutu wa mfumu ya ku Mangalande, n'kumenyapo chidindo mpaka tebulo linagwedezeka. Anatipatsa inki yoti tidinde chala. Ine chala? Ndinatenga cholembera n'kusaina J. Longwe, ndi mchira wake wopindika pansi ngati wa manejala wa mgodi. Ndinamulipira Wyson pamaso pa onse, tinagwirana chanza, ndipo sitima itangofika anakwera osatsanzika munthu.

Ndinasesa, ndinapaka laimu, ndinaika galamafoni pabalaza, n'kutumiza mawu ku Kande kuti nyumba ya malata yapezeka, Nellie abwere akamaliza kuthandiza bambo ake kumunda. Masiku amenewo ndinkakhala pakhonde nditapingasa miyendo, anthu odutsa ndikuwapatsa moni ndi chala chimodzi.

Woyamba kubwera anali Christina, mlongo wake wa Wyson, mayi wamasiye wamtali, wa Umanyano, gulu lija la amayi a mpingo ovala zoyera. Anaodira mwaulemu, anakhala pamphasa, anafunsa za mayi anga, za Nellie, za chifuwa cha malume, za ku Joni. Tinacheza mpaka ndinamuimbira galamafoni. Nyimbo itatha anatulutsa hamala m'dengu n'kunena kuti wabwera kudzatenga chitseko chake. Malemu mwamuna wake Mizeck, amene anali kalipentala, anachipala yekha, ndipo anangomubwereka Wyson pamene ankakwatira chifukwa zinali zochititsa manyazi kulowetsa mkwatibwi m'nyumba yotseka ndi mabango.

"Ama NyaManda, nyumbayi ndagula. Pepala ili."

Analitenga ndi manja awiri, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamikira kuti mfumu ya Azungu imameta bwino.

"Yewu, Ada Longwe, pepala lokongola. Koma chitseko si cha Wyson."

Anazula mahinjesi ngati munthu amene anakhala ndi kalipentala zaka zambiri, anasenza chitseko pamutu, anatsanzika bwinobwino, n'kumapita chikuyenda naye ngati bwato lozondoka. Mukanatani inu? Mayi wa Umanyano ungalimbane naye pamsewu? Ndinapachika jasi langa la kumgodi pakhomopo. Mbuzi za m'mudzi zinaona kuti jasi si chitseko, zinayamba kugona m'chipinda chimene ndinakonzera Nellie. Nkhuku ina inalowa n'kuikira dzira m'lipenga la galamafoni. Ndinati basi, limeneli ndiye langa. Ndisanaike n'komwe poto pamoto, mwini nkhuku anafika kudzalitenga. Nayenso anali wa kwa Manda.

Kenako anabwera a Duncan, amalume ake a Wyson, nkhalamba imene inagwira ntchito pa sitima mpaka makutu anagontha. Mazenera anali awo. Anawatenga kwa Mzungu wina amene ankagwetsa nyumba, n'kuwasungitsa pakhoma la Wyson kuti magalasi asasweke. Ndinawakuwira m'khutu za pepala, za chidindo, za lamulo. Ankangogwedeza mutu akumwetulira, akuti inde, mphepo ya mwera yavuta chaka chino, uku akuzula felemu. Tsiku lomwelo ndinapeza azakhali ena atatu atakhala pansi pa mango ndi madengu. Mitengo anabzala ndi iwo Wyson asanabadwe. Koma anali anthu achifundo, anati mthunzi nditha kumakhalapo.

Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati Nellie ananena malata, sananene chitseko, sananene mazenera. Malinga denga lilipo, ukwati ulipo.

Sitima yotsatira inatsitsa Frackson, mkulu wake wa Wyson, wochokera ku Joni, chimunthu cha khosi ngati la ng'ombe. M'mawa mwake anafika ndi amuna anayi, makwerero ndi zozulira misomali. Iyeyu sanataye nthawi ndi moni wautali, tonse tinali anthu a kumgodi. Anati malatawo anagula ndi iye, anawatumiza kuti Wyson amusungire mpaka adzamange yake, ndipo Wyson anamuyankha kuti malo abwino osungira malata ndi padenga, akuba sangawanyamule. Anandilowetsa m'nyumba mwanga momwe n'kundilozera kumwamba. Lata lililonse linali ndi F.M. wa penti yofiira kunsi kwake. Ine zilembozo ndinkaziona tsiku lililonse ndikagona chagada, koma ndinkayesa ndi dzina la kampani.

Apo ndiye magazi anandikwera. Ndinalowa kuchipinda, ndinavala suti yonse, tayi, chipewa, pepala m'thumba la jekete, kuti aone kuti akulimbana ndi munthu wodziwa lamulo. Ndinakwera makwerero awo omwewo, ndinakwawa mpaka pakati pa denga, n'kukhala pansi. Ndinalengeza kuti amene akufuna malatawa ayambe wandichotsa ine, ndipo akandikhudza ndi mlandu wa ku boma.

Sanandikhudze. Anayamba kuzula kumapeto, mbali iyi awiri, mbali iyo awiri, akuimba ngati akukoka khoka. Lata likachoka ankalitsitsa mosamala, n'kubwera lotsatira. Ine ndikuwerenga pepala mokweza, iwo akuvomera nyimbo. Dzuwa linakwera. A kapitawo, munayamba mwakhalapo pa lata masana a mwezi wa Novembala mutavala suti yaubweya? Usipa umauma bwino pathandala, koma umakhala utafa kale. Ndinkakhalira mbali imodzi mpaka ipse, n'kusinthira inayo. Amayi ochokera kovuula chinangwa anatula madengu n'kukhala pamchenga kuonerera. Asodzi anasiya kusoka makhoka. Wina ankagulitsa mango kwa oonererawo, mango a pabwalo panga.

Pofika masana denga lonse linali pansi kupatula lata limodzi, limene ndinakhalapo. Frackson anaima pansi, anavula chipewa n'kudzipepesera mphepo.

"Ada Longwe, musavutike kutsika. Limenelo tidzatenga mawa."

Ananyamula malata, ananyamulanso makwerero, poti anali awo. Ndinakhala pamenepo mpaka oonerera anatopa. Kenako ndinati nditsikire pamtanda n'kudumphira m'chipinda. Msomali wina umene anausiya unakola buluku kumbuyo, ndipo ndinalendewera m'nyumba yanga yogula mwalamulo, miyendo ikupalasa mphepo, chipewa chitagwera pa ndowe za mbuzi. Amene anandipeza ndi malume a Henderson, akuchokera kunyanja ndi nkhafi paphewa. Anandikolola ndi nkhafiyo ngati akugwetsa papaya. Akanati anene kuti ndinakuuza, bwenzi nditawayankha, koma anangonditolera chipewa, n'kuchipukuta, n'kundipatsa. Mpaka lero sindinawakhululukire.

Ndinakasuma. Tsiku la mlandu a kwa Manda anadzaza khoti mpaka ena anakhala m'mazenera, ana ali kumsana, ngati kuli ukwati. Kumbali kwanga kunali ine ndi buluku losoka. Kalaliki yemwe uja anawerenga pepala lonse pang'onopang'ono, ndipo pofika pa mawu akuti zonse zimene zili zake, anandiyang'ananso pamwamba pa magalasi. Akuluakulu a khoti anafunsa chinthu chimodzichimodzi. Chitseko, panaimirira anthu amene anaona Mizeck akuchipala. Mazenera, panaimirira amene anathandiza a Duncan kuwatsitsa m'bwato. Malata, theka la mudzi linakumbukira tsiku limene anafika. Anaitana mboni zanga. Mesenjala anati chimene akukumbukira ndi mchira wa siginecha yanga, unali wokongola. Wa njinga uja palibe amene ankadziwa kwawo.

Anagamula kuti pepala langa ndi loona, silinalakwike paliponse, ndipo palibe amene waba. Njerwa anaumba Wyson yekha, kotero makoma ndi anga. Chimbudzi anakumba yekha, chimenecho ndi changanso. Dothi limene makomawo aimapo ndi la banja la Manda, ndikafuna kukhalapo ndiwapemphe. Ndipo lata lotsala lija ndi la Frackson, ndimulipire nkhuku chifukwa ndalipinda pokhalapo. Ndinafunsa kuti nanga Wyson amutani. Anati ku Halale dzanja lawo silifika, koma ngati ndikufuna kumutsatira, msewu sanautseke.

Ndinabwerera kumakoma anga mitambo itada bii kumapiri, mphepo ikununkha mvula. Ndikulowa, ndinapeza Nellie ataima pabalaza, mtolo wake uli pansi. Nkhani inali itafika ku Kande kalekale, anthu a kunyanja kuno nkhani yoipa amaipalasira bwato. Analowa chipinda choyamba, anayang'ana kumwamba. Analowa chachiwiri, anayang'ana kumwamba. M'chachitatu anatulutsamo mbuzi.

"Malata aja ali kuti, Ada?"

Ndinayamba kumufotokozera za lamulo, kuti mlandu kwenikweni ndawina chifukwa pepala alivomereza. Anandiuza kuti ndikhale pabokosi langa ndipo ndisapite kulikonse, makamaka padenga. Anamanga mpango wake woyera wa Umanyano, anatenga beseni la ufa ndi nsomba zouma zimene anabweretsera ine, n'kulunjika kwa Christina.

Zimene anakambirana sindinazimve, ndinangouzidwa. Akuti anapemphera, analira malemu Mizeck, anadya, anafufuzana mibadwo mpaka anapeza kuti agogo a Nellie anali a kwa Manda a ku Tukombo. Kunyanja kuno ukakumba pang'ono aliyense ndi mbale wa aliyense, kupatula ine. Kuchoka apo anapita onse awiri kwa a Duncan, ndipo nkhalamba yogontha ija inamva mawu aliwonse. Anamaliza ndi Frackson, amene analibe ngakhale njerwa imodzi, malata ake atangounjikidwa pamchenga ana akuseweretsa.

M'mawa mwake ndinaona mzere ukubwera: chitseko pamutu pa Christina, mazenera, malata, makwerero omwe aja, malume a Henderson kumbuyo ndi mfumu ya mudzi. Anakhala pansi pa mango. Frackson anaimirira n'kunena pamaso pa onse, akundiyang'ana ine, kuti zinthuzi akubwereka NyaChirwa, mwana wawo, chifukwa wabwera kudzapempha ngati munthu. Chitseko, mazenera, denga, ndi malo omwe, zonse zili m'manja mwa NyaChirwa nthawi yonse imene iye akukhala pamenepo. A Longwe, anatero, ali ndi makoma awo, ndipo palibe amene akuwalanda. Onse anati yewu. Ine ndinauzidwa kuti ndigwire makwerero.

Mvula inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, ndipo nyumba sinadonthe ngakhale pamodzi. Nellie sanabwerere ku Kande, za ankhoswe sanazitchulenso. Anthu akamadutsa amati nyumba ya NyaChirwa ndi yokongola, ndipo alendo akafika amandifunsa ine ngati eni nyumba alipo.

Ndinapirira miyezi ingapo. Tsiku lina ndiwo zinalibe mchere, ndipo ndinaona kuti nthawi yakwana yoti munthu adziwike pakhomo pake. Ndinamenya tebulo, ndinati nyumba ino ndinagula ine ndi thukuta la kumgodi, pepala lilipo, chidindo chilipo, ndipo sindingadye ndiwo zozizira ngati mlendo. Nellie sanakwiye. Anapukuta m'manja, anayang'ana denga, anayang'ana chitseko, kenako anayang'ana ine.

"Zoona, Ada, makoma ndi anu, khoti linanena. Ngati mwatopa nafe, anyamuleni muzipita nawo. Koma muwachotse bwino, musandigwetsere malata."

Ndinalawanso ndiwo zija. Mchere unalimo wokwanira.